Wisiki Amene Sindinamve Fungo Lake

Botololo linakhala pamwamba pa kabati, kuseri kwa mbale za alendo, kwa chaka ndi miyezi ingapo, ndipo palibe amene ankalitchula. Pakhomo pathu mowa sunkalowa. Atate anali mkulu wa mpingo, ndipo m'mudzi mwathu, kupitirira Mkaika pang'ono, aliyense ankadziwa kuti ngakhale thobwa likagonera mpaka kuyamba kuluma, Amayi ankalitaya kudzala.

Analibweretsa ndi achimwene anga, amene amagwira ntchito ku Scotland, kunyumba yosamalira okalamba. Mwa anthu amene ankawasamalira munali agogo ena aamuna amene anagwira ntchito moyo wawo wonse kumalo ofululira wisiki, kugubuduza migolo yamatabwa ndi kuiyang'anira. Analibe mwana. Achimwene ndi amene ankawameta ndevu ndi kuwasambitsa, ndipo anazolowerana kwambiri. Agogowo atamva kuti achimwene akubwera kumudzi pa Khirisimasi, anawapatsa botolo ndi katambula kakang'ono kopanikiza kukamwa, kuti akapatse Atate. Achimwene anawauza kuti bambo athu samwa. Agogowo anati zilibe kanthu, asamwe, akangonunkhiza.

Atate analandira ndi manja awiri, chifukwa mphatso siikanidwa. Anathokoza, n'kupatsira Amayi osaliyang'ana kawiri. Achimwene anabwerera ku ntchito, ndipo pasanapite nthawi matenda a korona anatseka njira zonse.

M'chaka chachiwiri cha matendawo, nyengo yozizira, zinthu zinafika poipa kwathu kuno. Sukulu zinatsekedwa. Ine ndimaphunzitsa ku Sinda, choncho ndinakwera minibasi kubwera kwa makolo. Minibasiyo inali yodzaza, mawindo otseka chifukwa cha mphepo, masiki ali pachibwano. Ndinafika mutu ukundipweteka pang'ono, koma ndinati ndi ulendo.

Atate ali ndi matenda a shuga, ndiye ndikafika kumudzi ndimawayeza magazi pachala ndi kuwawenga zikhadabo zakumapazi. Ndinachita zimenezo tsiku lomwelo, nditagwada pafupi nawo, iwo akundifotokozera za maliro amene anapita sabata imeneyo. Tinadya pamodzi. Ndinagona m'nyumba yaikulu.

Lamulungu masana tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuothera dzuwa. Pamenepo ndi pamene netiweki imagwira bwino pakhomo pathu. Panalinso amalume, mlongo wawo wa Amayi, amene anabwera pa njinga yamoto kuchokera ku Vubwi kudzafunsa mitengo ya soya. Amalume ndi munthu wosiyana ndi Atate. Amapemphera, koma kachasu amamudziwa bwino, ndipo sabisa.

Foni yanga inalira. Anali achimwene, pa kanema. Ndinaitsamiritsa pa fulasiki ya tiyi kuti tonse tiwaone. Maso awo anali ofiira.

"Agogo aja atisiya," anatero. "Matenda omwewa. Kumaliro sakulola anthu, ine sindipitako. Atate, ndikupempha chinthu chimodzi. Botolo lija mulitsegule. Ankandifunsa kawirikawiri kuti bambo ako anamva fungo lanji, ine ndinkangoti ndidzafunsa."

Atate anasisita bondo. Amalume anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga masamba a mango.

"Alamu," anatero amalume potsiriza, "kodi mphuno inaletsedwanso?"

Atate anapuma mozama. "Munthu wamwalira," anati. "Katengeni."

Ndinakwera pampando n'kutsitsa botolo. Linali ndi fumbi. Ndinalipukuta ndi chitenje, n'kuzula chotsekera, ndipo chinalira pang'ono. Wisikiyo anali wofiirira ngati tiyi wa masamba ambiri wopanda mkaka. Ndinathira pang'ono m'katambula kaja, monga achimwene anandiuzira, osafika ngakhale chala chimodzi.

Achimwene anayamba kutifotokozera. Anati wisiki wambiri wa m'masitolo amasakaniza wa m'migolo yambirimbiri kuti azikoma chimodzimodzi chaka ndi chaka. Koma uyu anali wa mumgolo umodzi wokha, umene unagona zaka zambiri m'nyumba yamdima pafupi ndi nyanja, ndipo mgolowo kale munali vinyo wotsekemera. Mabotolo a mumgolo umenewo akatha, kwatha. Ngakhale mgolo umene unagona pambali pake fungo lake ndi lina.

"Ngati uchi wa mumng'oma umodzi," anatero Atate.

"Eya, Atate, chimodzimodzi. Tsopano musalowetse mphuno yonse, ikuwotchani. Yambani tambula ili pachibwano, muzikweza pang'onopang'ono, kukamwa kuli kotsegula pang'ono. Chimene chabwera m'mutu, nenani chomwecho. Palibe kulakwa."

Anayamba ndi amalume. Anatsinzina.

"Utsi," anati. "Koma si utsi wa kukhitchini. Ndi wa lupsa, mvula itawaza pang'ono usiku wake. Ndipo kuseri kwake kuli chigafa cha fodya, masamba atatsala pang'ono kuuma."

Achimwene anaseka misozi ili m'maso. Anati utsiwo ndi woona. Kumeneko amakumba dothi lakuda la m'dambo, kuliumitsa, n'kumasonkhera moto woumitsira chimera.

Amayi analandira tambula atakulunga dzanja m'chitenje, ngati ndi yotentha. Ananunkhiza kamodzi n'kubweza mutu. Ananunkhizanso.

"Masawu ouma," anati mwamanyazi. "Aja okhalitsa m'thumba. Ndi shuga akapserera pansi pa poto." Anaimanso kaye. "Mulinso khoko la lalanje."

Atate anaigwira nthawi yaitali kuposa onse. Ndinali nditakhala pamphasa pafupi ndi mapazi awo, ndipo ndinaona mphuno zawo zikutukuka. Poyamba anati phula la njuchi. Kenako ananunkhizanso.

"Mabenchi a m'tchalitchi chakale cha ku mishoni," anati, "tsiku limene apakidwa polishi. Ndi chikuto chachikopa cha Baibulo la bambo anga."

Achimwene anaphimba kumaso ndi dzanja. Atachotsa anati agogo aja nawonso ankatchula chikopa chakale.

Kulawa kunagwera amalume, chifukwa panalibe wina. Anamwa kadontho, n'kukasunga m'kamwa monga anauzidwira, kenako anameza. Anatsokomola, misozi inalengeza, ndipo Amayi anawaseka.

"Dikirani," anatero amalume, atakweza chala. "Poyamba watsekemera ngati nzimbe yowotcha pamoto. Kenako tsabola walowa, ndi jinja, lilime lonse lathetheka. Atatsika, utsi uja wabwerera n'kutulukira m'mphuno. M'kamwa mwauma ngati ndaluma nthochi yosapsa." Anameza malovu. "Kachasu wathu amakumenya n'kuthawa. Uyu wakhala pansi, sakuchoka. Mpaka pano ndikumumva."

Achimwene anati tidonthezemo madzi pang'ono, fungo lisintha. Ndinadontheza ndi supuni. Amayi ananunkhizanso n'kudabwa. Anati utsi wachepa, tsopano mwabwera nthochi yakupsa kwambiri, ya mawanga akuda, ndi mtedza wokazinga.

"Aphunzitsi atsala," anatero amalume, akundipatsira. "Inu ndi amene muli ndi mawu ambiri."

Ndinaika tambula pachibwano n'kuikweza pang'onopang'ono. Palibe chinabwera. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa kagwiridwe, ndiye ndinalowetsa mphuno yonse n'kukoka mpweya mwamphamvu. M'mphuno munathetheka, maso anatuluka misozi, koma fungo panalibe. Utsi, masawu, phula, zonse zimene anthu atatu anali atangotchula, kwa ine zinali ngati ndikununkhiza madzi a pachitsime.

Tonse tinali titamva pa wailesi za chizindikiro chimenechi.

Ndinaika tambula pansi n'kupita kukhitchini. Ndinadula anyezi n'kuika pamphuno. Ndinatsegula chigubu cha parafini. Ndinatenga kapenta m'manja n'kumufikisa. Ndinanunkhiza sopo, kenako m'khwapa mwanga momwe. Zonse zinali chimodzimodzi, ngati wina watseka chitseko m'kati mwa nkhope yanga.

Pobwerera ndinaima patali, pafupi ndi nkhokwe.

"Sindikumva fungo lililonse," ndinati. "Ngakhale la parafini."

Kuseka kunatha. Nkhope ya achimwene pa foni inauma, mpaka ndinayesa kuti netiweki yathawa. Kenako analankhula ndi mawu ena, mawu a kuntchito kwawo.

"Futuka. Futukanso. Wafika liti?"

"Lachisanu."

"Wagona kuti?"

"M'nyumba."

"Atate wawayeza shuga?"

Ndinangoyang'ana mapazi a Atate, zikhadabo zimene ndinawenga ndi manja anga.

"Ndi chimfine chabe ichi," anatero Atate. Koma Amayi anali ataimirira kale, atagwira pakamwa.

M'mawa mwake amalume ananditenga pa njinga yawo kupita kuchipatala, tonse titavala masiki. Anati ngati ndi kutenga, atenga kale. Anandilowetsa kamtengo kathonje m'mphuno, ndipo nesi atabwera ndi zotsatira anaima patali n'kundiuza kuti matenda andipeza nawo. Popeza ndinkapuma bwino, anandibweza kunyumba kuti ndikadzipatule.

Achimwene anachonderera amalume kuti asabwerere ku Vubwi. Amalume anakana. Anati ng'ombe zawo zilibe woziyang'anira, ndipo akagona kumsasa wa kumunda, osayandikira akazi awo. Ananyamuka masana omwewo. Kumudzi kwawo, kufupi ndi malire, foni zathu sizigwira, zimangokoka netiweki ya ku Malawi. Fumbi la njinga yawo litatha, tinalibenso njira yodziwira za iwo.

Ine ndinalowa m'kanyumba kamene achimwene anamanga ali mnyamata, kuseri kwa nyumba yaikulu. Munali makasu ndi matumba, koma Amayi anasesa n'kuyala mphasa ndi matiresi. Chakudya ankasiya pa njerwa pakhomo, n'kugogoda ndi ndodo, n'kuchoka. Ndinkadya chifukwa ndinauzidwa kuti ndizidya. Mchere ndinkaumva, shuga ndinkamumva, koma zina zonse zinali ngati kutafuna thonje. Kapenta anali timitengo. Tiyi anali madzi otentha.

Thupi langa silinavutike kwambiri. Linatentha masiku angapo, mafupa anaphwanya, basi. Chimene chinandidwalitsa chinali kumvetsera. Chiyambire ndili mwana, Atate amakonza pakhosi m'mawa uliwonse asanapemphere, ndipo sindinalabadirepo. Tsopano ndinkatsamira khutu pakhoma. Kodi kumeneko ndi kukonza pakhosi kapena ndi chifuwa? Akakhala chete ndinkaopanso. Masana ena kulira kunamveka kuchokera kumudzi wa kutsidya kwa dambo, ndipo ndinafunsa Amayi pawindo kuti ndani. Anangoti, "Usamafunse."

M'mawa wina kunazizira kwambiri, ndipo Amayi anandisiyira mbaula pakhomo. Ndinailowetsa, n'kukhala pamatiresi nditafunda chitenje, ndikuyang'ana pawindo. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotani. Ndinangomva Amayi akukuwa dzina langa panja, kenako chitseko chinatseguka ndi mphamvu. Analowa opanda masiki, n'kundizula chitenje pamsana, n'kuchiponda ndi mapazi. Nsonga yake inali itagwera pamakala, ndipo moto unali utadya gawo lalikulu kumbuyo kwanga. M'kanyumbamo munali utsi. Amayi anaumva ali kukhitchini. Ine, amene ndinali nditafunda nsalu yomweyo, sindinamve kanthu.

"Tulukani, Amayi!" ndinakuwa. "Tulukani, mutenga matenda!"

Anatuluka. Tinalira tonse, iwo panja, ine m'kati.

Kumapeto kwa sabata imeneyo Atate anatentha thupi. Poyamba anabisa, koma Amayi anaona kuti asiya tiyi pakati. Tsiku lotsatira chifuwa chinayamba, ndipo sindinafunikirenso kutsamira khutu pakhoma. Chinali chouma, chobwera motsatizana, chosawapatsa mpata wokoka mpweya. Achimwene anati ndiike foni pawindo kuti amve. Atamva anati, "Apite kuchipatala lero. Osadikira mawa."

Mnzawo wina wa Atate wa mumpingo anabwera ndi galimoto yake yonyamulira chimanga. Ndinaonera pawindo. Kuchokera pakhonde kufika pagalimoto ndi mtunda waufupi, koma Atate anaima panjira atagwira phewa la Amayi, pakamwa pali pululu. Anawagoneka kumbuyo pamatiresi. Galimoto isananyamuke anadzutsa mutu n'kuyang'ana kukanyumba kanga, n'kukweza dzanja pang'ono. Ndinafuna kutuluka. Ndinagwira chitseko, koma sindinatsegule.

Kuchipatala anawaika pa mpweya wa okosijeni. M'chipinda chawo munalibe kulowa wachibale. Amayi nawonso anawayeza, matenda sanawapeze nawo, ndipo mpaka lero sitidziwa kuti anapulumuka bwanji. Ankapita m'mawa kukakhala kunja kwa mpanda ndi amayi ena, kudikira nesi aliyense wotuluka kuti amufunse. Madzulo ankabwerera. Ine ndinkatsala ndekha pakhomo ndi nkhuku.

Foni inasanduka chinthu choopsa. Ikalira, ndinkaiyang'ana kaye osaigwira. Achimwene ankaimba kangapo patsiku. Iwo anali ataona anthu ambiri akufa ndi matendawa, ankadziwa mmene amayendera, ndipo ndinkaona kuti akusankha mawu polankhula nane. Tsiku lina ndinawafunsa mosabisa.

"Achimwene, ndiuzeni zoona. Atuluka?"

Anayang'ana kumbali. "Sindikudziwa, mlongo wanga. Masiku akubwerawa ndi amene anene."

"Ndine ndawapatsa."

"Sukudziwa zimenezo. Anali kumaliro sabata yomweyo. Imwa madzi, ugone."

Masana ena Amayi anabwerera msanga. Sanabwere pawindo langa monga ankachitira. Analowa m'nyumba, ndipo patapita kanthawi anatuluka ndi jekete lakuda la Atate, lija amavala pa Mgonero. Analipachika pachingwe padzuwa n'kuyamba kulisasa ndi burashi, pang'onopang'ono, kuyambira pakhola mpaka m'manja.

Ndinazindikira kuti ndi limene adzawaveke m'bokosi.

"Amayi! Mukuchita chiyani?"

Sanatembenuke. "Ndikungoliyanika. Lachita nkhungu."

"Kuchipatala anena chiyani?"

Burashi inaima. "Anena kuti tipemphere."

Ndinakhala pansi, msana pakhoma. Ndinayesa kupemphera, koma mawu amene ndinaphunzira kuyambira ku Sande sukulu anathawa onse. Ndinkangobwereza kuti chonde, chonde. Jeketelo linakhala pachingwe mpaka dzuwa kupendeka, mphepo ikuligwedeza manja, ndipo ndinalephera kuchotsapo maso.

Sitinaligwiritse ntchito. Patapita masiku angapo nesi anauza Amayi kuti Atate apempha phala. Kenako anayamba kukhala tsonga. Kenako anawachotsa pa mpweya kwa kanthawi, n'kuwabwezera, n'kuwachotsanso. Pamene ankatuluka, ine ndinali nditaloledwa kale kuchoka m'kanyumba. Ndinawalandira pagalimoto. Anali ataonda mpaka kolala ya shati inkalendewera, ndipo dzanja lawo paphewa langa linali lopepuka ngati la mwana.

Nditawakhazika pakhonde ndinagwada n'kuyamba kulankhula, koma anandidula.

"Matenda alibe mwini," anati. Anapuma kaye. "Ndipatse madzi."

Za amalume tinamva kwa wamalonda wina wa ku Vubwi amene anadutsa ndi mbuzi. Anati anadwala, iwo ndi akazi awo omwe, chifukwa kumsasa kuja anagonako tsiku limodzi lokha. Onse anachira. Amalume anatumiza uthenga woti botolo lija tisataye.

Mphuno yanga sinabwerere. Aliyense anali atachira, koma ine ndinali ndikukhalabe m'dziko lopanda fungo. Achimwene anandiuza zimene madokotala akumeneko amalangiza: kusankha zinthu zingapo za fungo lamphamvu, n'kumazinunkhiza m'mawa ndi madzulo, uku ukukumbukira mmene zinkanunkhira. Ndinasankha ndimu, masamba a bulugamu, ndi adyo. Sukulu zitatsegulidwa, ndikulongedza katundu wobwerera ku Sinda, Atate anandiitana n'kuloza pamwamba pa kabati.

"Tenga lija," anati. "Muli fungo lambiri m'menemo. Kwa iwe ndi mankhwala."

Ndinalikulunga m'juzi n'kulibisa pansi pa sutikesi, kuti aphunzitsi anzanga asaone mwana wa mkulu wa mpingo ali ndi wisiki. M'mawa uliwonse ndisanapite kukalasi ndinkatseka chitseko, kuthira pang'ono m'katambula, kununkhiza, kenako n'kubwezera m'botolo. Ndinkanena mawu a anthu ena ngati ndikuloweza ndime: lupsa, chigafa, masawu, lalanje, phula, chikopa. Kwa masabata ambiri panalibe chobwera.

Chitabwera, chinabwera moipa. Masana ena mnzanga woyandikana naye nyumba ankakazinga anyezi, ndipo ine ndinamva fungo la khoswe wakufa. Ndinasanza. Mankhwala otsukira mano ankanunkha petulo. Nyama yowotcha inkanunkha chimbudzi. Wisiki uja, nditamununkhiza, anali tayala lopserera. Ndinaopa kuti mutu wanga wasokonezeka, ndipo ndinaimbira achimwene ndikulira. Anati ayi, zimachitika, ndi mitsempha ikuphukanso koma ikulumikizana molakwika. Ndipitirize.

Ndinapitiriza, ngakhale ndinkachita kudzikakamiza. Ndinaonda, chifukwa zakudya zambiri zinkandinyansa, ndipo ndinkakhalira mbatata ndi mpunga wopanda ndiwo.

Mvula itayamba, m'mawa wina ndinakweza katambula monga mwa masiku onse. Tayala lija linalipo. Koma pansi pake panali kanthu kena kochepa kwambiri, kowawasa ndi kotsekemera nthawi imodzi. Ndinaopa kupuma, kuti kangathawe. Ndinatsitsa tambula, n'kudikira, n'kukwezanso. Kanalipobe. Bwemba. Bwemba wonyikidwa m'madzi a shuga, monga tinkachitira tili ana. Nditadonthezamo madzi ndinamvanso chingwe cha ng'ombe chonyowa ndi mvula. Palibe aliyense pansi pa mango paja amene anatchula zimenezi, ndiye ndinadziwa kuti sindikungobwereza za ena.

Ndinauza achimwene. Anafunsa ngati utsi ndaumva. Ndinati ayi. Anati mwina ubwera.

Pang'ono ndi pang'ono zina zinabwera. Masawu a Amayi ndinawapeza, ndi khoko la lalanje. Mabenchi a Atate sindinawapezepo. Utsi umabwera tsiku lina, tsiku lina osabwera, ndipo zimenezi zili choncho mpaka lero, ngakhale utsi weniweni wa moto. M'nyumba mwanga ku Sinda simulowa mbaula. Ndikaphika sindichoka pamoto ngakhale wina agogode.

Atate ali moyo, koma mapapo awo sanabwerere mwakale. Kumunda anasiya, amangopita kukaona. Ntchito zoyendera odwala a mumpingo anapatsa ena. Achimwene anabwera njira zitatseguka, ndipo atawaona pakhonde anakhala pambali pawo n'kuwagwira dzanja.

Ine ndinazolowera kudalira mphuno za anthu ena. Mnzanga woyandikana naye nyumba, mphunzitsi wa masamu, amadziwa. Ndiwo zikagona, m'mawa ndimanyamula poto n'kukagogoda kwawo. Sabata yatha ndinapita ndi nyemba zimene kwa ine zinkaoneka bwinobwino, ndipo ndinali nditalawako kale supuni imodzi. Anavundukula, n'kubweza mutu msanga.

"Mwadyako izi?"

"Pang'ono chabe."

"Tayani, anzanga. Zasasa kalekale." Anatseka poto n'kundibwezera. "Bwerani mudye kuno, ndaphika mazira."